Kudontha si kusefukira

"Bambo, thanki yanga ikuliika." Anatero mnyamata wina wa pa Yunivesite ya Malawi amene amachita lendi kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Chikanda. Pulambala amene anamuitanayo, munthu wachikulire, sanatsegule n'komwe chikwama chake. Anangofunsa kuti, "Mwana wanga, madziwo akudontha, akuchucha, kapena akusefukira?" Mnyamata uja kukamwa kunangoti yasa.

Iye amaweta mbuna m'thanki yagalasi, tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala ya m'nyanja ya Malawi timene azungu amatigula n'kukatiika pabalaza kwawo. Makonzedwe ake anaonera pa intaneti kwa anthu oweta nsomba za m'nyanja yamchere. Pansi pa thanki ya nsomba pamakhala ina yobisika. Madzi akafika pamlomo wa paipi yotsitsa amatsikira m'thanki yam'munsiyo, amasefedwa, kenako pampu imawakankhira m'mwamba kudzera m'paipi ina. Yam'munsiyo amaitcha sampu, ndipo dzina limeneli sindilimbana nalo. Amakanika akhala akulitchula kuyambira kale akamanena chotengera cha oyilo kunsi kwa injini. Paipi, pampu, thanki, onsewa ndi alendo amene anabwera ndi katundu wawo, ndipo tinawapatsa malo.

Koma "kuliika" wabwera ndi chiyani? Wapeza eni mudzi alipo atatu, iye n'kufuna kukhala pampando wa onse.

Kudontha ndi kwa madzi ogwa limodzilimodzi, dontho ndi dontho, monga lichitira denga laudzu mvula ya pa phiri la Zomba ikalimbikira. Pulambala akamva mawu amenewa amadziwa kuti vuto lili polumikizira, mwina guluu sanagwire kapena mazinga sanamangike. Kuchucha ndi kwa madzi otsetsereka motsatira chinthu, ngati thukuta pamsana. Pamenepo amayang'ana mng'alu kapena m'mphepete momwe magalasi anamatirana. Kusefukira n'kwina. Chotengera chili bwinobwino, chilibe bala, koma chalandira madzi oposa muyeso wake. Likangala akasefukira sitinena kuti mtsinje wabooka.

Ndipo mwa atatuwa, wa mnyamata uja anali wachitatu. Pansi pankanyowa pokhapokha magetsi akazima. Pampu ikaima, paipi yokweza madzi ija imasanduka yotsitsa: imayamwa madzi a m'thanki yapamwamba, monga amachitira munthu wopopa petulo ndi kapaipi, mpaka sampu itadzaza n'kutayikira pasimenti. Akanapitiriza kunena kuti "ikuliika", akanagula guluu wa ndalama zambiri n'kumata malo osalakwa.

Apa ndidandaulepo pang'ono za ena amene amasokoneza kusefa ndi kusefukira poti mawuwa amayamba mofanana. Kusefa ndi ntchito ya sefa, kulekanitsa ufa ndi misere, madzi ndi zinyalala. Sampu imasefa, ikasefukira ndiye kuti zalakwika.

Palinso kuphwa, mawu amene achinyamata ayamba kuwaiwala, zonse n'kumangoti kuuma. Chimauma ndi chovala pachingwe. Madzi amaphwa, ndiye kuti amacheperachepera. Ife a ku Zomba sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi, poti nyanja ya Chilwa tili nayo pafupi. Mitsinje ya Domasi, Likangala ndi Phalombe imathira m'menemo koma palibe mtsinje wotulukamo, n'chifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere: dzuwa limatenga madzi, mchere limausiya. Mu 1968 ndi mu 1995 inaphwa mpaka pansi pake panauma n'kung'aluka. Oweta nsomba za m'madzi amchere amakumana ndi zomwezi m'nyumba. Madzi a m'nyanja zikuluzikulu amakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, ndipo sampu ikaphwa iwo amathiramo madzi opanda mchere, chifukwa mchere uja sunapite kulikonse. Wowauza kuti "thanki yauma" angawathamangitse pachabe.

Pulambala uja anaboola kabowo kakang'ono pa paipi yokweza madzi, pansi pang'ono pa pomwe madzi amalekezera m'thanki yapamwamba, kuti pampu ikaima mpweya uzilowa n'kudula kuyamwa kuja. Anatunga madzi ena mu sampu kuti mutsale malo, n'kulemba mzere ndi cholembera. Atatero anazimitsa pampu dala, tonse titaima n'kumayang'ana. Madzi anatsika, anakwera mu sampu, n'kuima chala chimodzi pansi pa mlomo.

"Nanga tsopano ikutani?" anafunsa mkuluyo akupukuta manja.

"Siikusefukira, bambo."