Anthu a ku Mangochi ndi mpira wa eni ake ku Joni

Njira ya ku Joni ndi yakale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamene boma la Mangochi linkatchedwa Fort Johnston, bungwe la Wenela lidayamba kulemba amuna a ku Nyasaland kuti akakumbe golide m'migodi ya ku Johannesburg. Amuna a kuno kum'mwera kwa nyanja adali m'gulu la omwe adapita. Kumeneko adapeza mpira utazika kale mizu pakati pa anthu akuda. Timu ya Orlando Pirates idabadwa mu 1937, ndipo Kaizer Chiefs idatsatira mu 1970. Mlendo analibe timu yakeyake, choncho ankasankha imodzi mwa matimu a eni dziko n'kumaichemerera.

Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi adafa. Dr. Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu. Njira idatsekukanso mu 1977 kudzera ku bungwe la TEBA, lomwe anthu ankangoti Theba, mpaka mu 1988 pamene idatsekedwanso. Zaka zonsezi mpira wa pakati pa mayiko kunalibe ku South Africa, chifukwa bungwe la FIFA lidalichotsa dzikolo mu 1976 kaamba ka tsankho. Wa ku Theba ankangoonera matimu a m'dzikomo. Komabe padali chomunyaditsa: m'zaka za m'ma 1980 Mmalawi mnzake Ernest Mtawali ankaonetsa luso ku Bloemfontein Celtic. Kuno kumudzi Flames, timu ya dziko la Malawi, idatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979, anthu atazungulira wailesi ya MBC.

Zinthu zidasintha mu 1992 pamene FIFA idalandiranso South Africa. Ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, achinyamata a ku Namwera, Makanjira ndi madera ena adayamba kupita okha pa basi, opanda Theba, kukagwira ntchito m'masitolo, m'nyumba ndi posoka zovala. Amene adafika msanga adaona Bafana Bafana, timu ya dziko la South Africa, ikugonjetsa Tunisia 2-0 n'kutenga chikho cha Africa pa 3 February 1996. Chimwemwe chidali cha eni ake, koma mlendo ankavina nawo. Zaka zotsatira Patrick Mabedi adakhala kaputeni wa Kaizer Chiefs, ndipo masapota a timuyo adayamba kutchula dzina la Mmalawi mwaulemu.

Chaka cha 2010 chidabwera ndi zikondwerero ziwiri. Pa 11 January, mumpikisano wa mayiko a mu Africa ku Angola, anyamata a Flames a mphunzitsi Kinnah Phiri adakwapula Algeria 3-0. Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda ndiwo adamwetsa zigolizo. Kenako pa 11 June chikho cha dziko lonse chidayamba pa bwalo la Soccer City ku Johannesburg, pomwe Siphiwe Tshabalala wa Bafana Bafana adagoletsa Mexico chigoli choyamba, mavuvuzela ali pakamwa. Padali patangopita zaka ziwiri chichitikireni zipolowe za mu May 2008, zomwe zidapha anthu 62 ndi kuthamangitsa alendo ambiri, kuphatikizapo Amalawi. Alendo omwewo tsopano ankaonera mpira pakanema imodzi ndi eni dziko.   

Nyengo yomaliza ndi ya Gabadinho Mhango. Mu 2020, ali ku Orlando Pirates, adamaliza ligi ndi zigoli 16, pamwamba limodzi ndi Peter Shalulile. Mu January 2022, mumpikisano wa mayiko a mu Africa ku Cameroon, adagoletsa Zimbabwe zigoli ziwiri, Flames idafanana mphamvu ndi Senegal, n'kufika m'ndime ya matimu 16 koyamba m'mbiri yake. Pa 25 January Mhango adaponya mpira kuchokera patali kwambiri n'kuboola golo la Morocco. Malawi idagonja 2-1, koma usiku umenewo masapota a Pirates adali ndi chifukwa chochemerera Flames. Mafoni ankalira pakati pa Johannesburg ndi Mangochi, komwe makanema ndi masola ambiri oonetsera mpira adachokera ku Joni komweko.

Umu ndi momwe mwana wa ku Mangochi adayendera: adayamba ndi kuchemerera matimu a eni dziko, ndipo patapita zaka zambiri eni dziko adachemerera timu yake.