Sitima imene sinafike kwathu ku Jenala

Agogo anga aamuna ankati tsiku loyamba kumva sitima ankayesa kukubwera mvula yamabingu. Anali mnyamata, atayenda wapansi kuchoka kuno ku Jenala mpaka ku Luchenza, phukusi kumutu, ulendo wokasaka ntchito ku Salisbury, kumene lero timati Harare. Nkhani imeneyi ndakula nayo, koma ineyo sitima sindinakwerepo.

Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, kuchokera ku Port Herald, Nsanje ya lero, kudzera ku Chiromo ndi ku Luchenza komweko. Azungu sanaimange kuti anthu azikazonda abale awo ayi. Ankafuna kuti tiyi, fodya ndi thonje zizifika kudoko msanga. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatha, sitima inayamba kufika ku Beira popanda kuolotsa katundu pamadzi, ndipo chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Mu 1970, nthawi ya Kamuzu, inatsegulidwa ina yochoka ku Nkaya kupita ku Nayuchi, yolumikiza dziko lino ku doko la Nacala.

Tatsegulani mapu pafoni panupo muone. Luchenza ali uko kumwera, Nayuchi kumpoto kuseri kwa nyanja ya Chilwa, ife a ku Phalombe tili pakati, njanji ikutilambalala mbali zonse. Makolo athu ankathyola tiyi amene sitima inkanyamula, koma kuti aikwere eni ake ankayamba atupa kaye mapazi.

Kenako zinthu zinayamba kugwa. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980. Madzi osefukira anadula njanji ku Chiromo mu 1997. Mu 1999 boma linapereka njanji m'manja mwa kampani ya CEAR. Pamene kampani ya Vale inamanga njanji yatsopano kudutsa m'dziko muno, cholinga chinali malasha a ku Moatize opita ku Nacala. Katundu patsogolo, munthu pambuyo, monga mu 1908 muja.

Lero mayi wa ku Jenala akafuna kukagulitsa nandolo ku Limbe amayamba ndi kabaza, kenako minibasi yothithikana, thumba kulipira pakepake. Mafuta akasowa mtengo umakwera tsiku lomwelo. Namondwe Freddy atakokolola milatho mu Marichi 2023 tinaona kuti msewu ukaduka, basi, tatsekeredwa.

Nchifukwa chake ndikamva akuluakulu akukamba zodzutsa njanji, sindithamangira kuwomba m'manja. Ndimafuna ndimve kaye kuti mabogi a anthu adzakhala angati, sitima idzaima masiteshoni ati, kangati pa sabata, tikiti ndalama zingati. Sindikunena kuti njanji idzadutse kuseri kwa nyumba yathu. Sitima yodalirika ya anthu itamaima pa Luchenza, msewu wokafika kumeneko uli wabwino, ine ndingakwere, ndikamve phokoso limene agogo analiyesa mvula lija.