Mudzi wa Abanjar ndi ngalande zake

Abanjar ndi anthu a kumwera chakum'mawa kwa chilumba cha Borneo, m'chigawo cha Kalimantan Selatan m'dziko la Indonesia. Dera lalikulu la kwawoko ndi madambo ndi zithaphwi zomwe mtsinje wa Barito, pamodzi ndi mitsinje yothira mmenemo monga Martapura ndi Nagara, imadutsamo popita ku nyanja ya Java. Malowo ndi otsika kwambiri, moti nyanja ikadzaza imakankha madzi a mumtsinje kubwerera kumtunda, ikaphwa madziwo n'kutsikanso. Mudzi wa Abanjar unakula motsatira kukwera ndi kutsika kwa madziku.

Mudzi wakale unali mzere wautali wa nyumba zoyang'ana kumtsinje, pakuti mtsinjewo ndiwo unali msewu, msika ndi posambira pomwe. Nyumba ankazimanga m'mwamba pa nsanamira za ulin, mtengo wolimba womwe umakhalitsa m'madzi osawola, ndipo pansi pa nsanamirazo ankakwirira mitengo ya galam kuti nyumba isatitimire m'matope. Mabanja ena ankakhala m'nyumba zoyandama pa zipika, zotchedwa lanting. Khomo lililonse linali ndi bwato lake, jukung, ndipo mwana ankaphunzira kupalasa akadali wamng'ono. Oyandikana nyumba kawirikawiri anali a mbumba imodzi, imene eni ake amati bubuhan, ndipo nkhani za mudzi zinkathera kwa pambakal, nyakwawa ya pamalopo.

Chisilamu chinakhazikika mu 1526, pamene Pangeran Samudera anapambana nkhondo ya ufumu mothandizidwa ndi ufumu wa Demak wa ku Java, n'kulowa Chisilamu ndi kutenga dzina la Sultan Suriansyah. Ufumu wa Banjar unalemera ndi malonda a tsabola wakuda, ndipo tsabolayo ndiye anakopa Adatchi ndi Angerezi. Koma kumudzi chipembedzo chinazika mizu makamaka kudzera mwa aphunzitsi. Wotchuka mwa onse ndi Syekh Muhammad Arsyad al-Banjari, amene anabadwa mu 1710 n'kumwalira mu 1812. Atabwerako ku Mecca, komwe anaphunzira zaka zambiri, anakhazikitsa malo ophunzitsira ku Dalam Pagar pafupi ndi Martapura ndipo analemba buku la malamulo a chipembedzo lotchedwa Sabilal Muhtadin. Anthu a kumeneko amamukumbukiranso kuti anatsogolera ntchito yokumba ngalande ku Sungai Tuan kuti tchire lisanduke minda. Kuti mphunzitsi wamkulu chotero akumbukiridwe ndi ngalande zikusonyeza kulemera kwa ntchitoyi pa moyo wa Abanjar.

Ngalande ya mudzi imatchedwa handil. Anthu angapo ankagwirizana, n'kuyamba kukumba kuchokera m'mphepete mwa mtsinje kulowera m'dambo, pamanja, mtunda wa makilomita awiri kapena atatu. Mtsogoleri wa ntchitoyo, kepala handil, ankagawa malo kumbali zonse ziwiri za ngalandeyo kwa amene anakumba nawo, ndipo ankaitana anthu nthawi yochotsa udzu ndi matope ikakwana. Motero handil inali njira ya madzi, njira ya mabwato, komanso maziko a umwini wa minda. Nyanja ikadzaza, madzi abwino a mumtsinje amalowa m'minda. Ikaphwa, amatuluka atatsuka nthaka.

Kutsukako n'kofunika chifukwa pansi pa madambo ambiri a kumeneko pali dothi lomwe likakumana ndi mpweya limatulutsa asidi wopha mbewu ndi nsomba. Alimi akale sankadziwa za m'kalasi, koma ankaona madzi akasanduka ofiirira ngati dzimbiri, ndipo anapeza njira yolimira osalidzutsa dothilo. Sankatembenuza nthaka mozama. Ankagwiritsa ntchito tajak, chida cha mpeni wautali ndi mpini wopindika, chomwe chimasenga udzu pamwamba pa nthaka m'madzi momwemo. Udzuwo ankausiya uvunde, n'kuuunjika timilu, kuutembenuza, kenako kuumwaza m'munda kuti ukhale manyowa. Mbande za mpunga ankaziwokera kawiri kapena katatu, kuchoka pa nazale ya pouma kupita pamalo otsika pang'onopang'ono, kufikira zitatalika mokwanira kuti zisamire. Mpunga wawo wamakolo, monga siam unus, umachedwa kucha ndipo umakololedwa kamodzi pachaka, m'chilimwe. Zokolola zake sizichuluka ngati za mbewu zamakono, koma umapirira madzi akuya ndi nthaka yowawasa, safuna feteleza wambiri, ndipo Abanjar amaukonda chifukwa ukaphikidwa sumatana. Powokera ndi pokolola mabanja ankasinthana masiku, lero munda wa uyu mawa wa uyo, monga amachitira anthu pa dima. Luso limeneli ndi loyenera ulemu, pakuti linasandutsa malo ooneka opanda pake kukhala nkhokwe ya chigawo chonse.

Dambo linkapatsanso ndiwo. Madzi akamaphwa m'chilimwe, nsomba za haruan, papuyu ndi sepat zimathawira m'maenje okumbiratu otchedwa beje, ndipo zotsala pa chakudya amazithira mchere n'kuziyanika kapena kuzisunga m'mitsuko. Amayi amaluka mphasa ndi madengu a udzu wa purun. Kumtunda, ku Hulu Sungai, komwe madzi amakhala miyezi yambiri osaphwa, midzi inatchuka ndi ntchito zosiyanasiyana: Alabio ndi abakha ake oikira mazira ambiri, Danau Panggang ndi njati zoweta zomwe zimadya zikusambira n'kukagona m'makola a mitengo omangidwa pamwamba pa madzi, Nagara ndi osula zitsulo ndi oumba mbiya.

Nkhondo ya Banjar inayamba mu 1859, Pangeran Antasari akutsogolera olimbana ndi Adatchi. Atsamundawo anathetsa ufumu mu 1860, Antasari anamwalira mu 1862, koma kulimbanako kunapitirira mpaka 1905. Msonkho ndi thangata zinalemetsa midzi, ndipo mabanja ambiri a ku Hulu Sungai anasamuka. Ena anakafika ku Tembilahan ndi Kuala Tungkal pa chilumba cha Sumatra, ena ku Kerian ndi Batu Pahat ku Malaya, komwe anakumbanso ngalande n'kudzala mpunga ndi kokonati. Otsala kwawo anapeza ndalama m'mitengo ya mphira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ambiri anapita nazo ku Hajj, ulendo wachipembedzo wa ku Mecca.

Boma la Indonesia linayesa kukulitsa ulimi wa m'madambo ndi makina. Mu 1995 Pulezidenti Suharto analamula kuti mahekitala miliyoni imodzi a madambo a m'chigawo choyandikana cha Kalimantan Tengah asanduke minda ya mpunga. Ngalande zikuluzikulu zinaumitsa nthaka yomwe alimi akale akanaipewa, mpunga sunapindule, moto wa mu 1997 unanyeketsa dera lalikulu, ndipo ntchitoyo inasiyidwa patangopita zaka zochepa.

Midzi yeniyeniyo inasinthidwa kwambiri ndi injini ndi msewu. Boti la injini lotchedwa klotok linalanda maulendo ataliatali a jukung, kenako njinga yamoto inalanda a klotok. Nyumba zatsopano zinayamba kuyang'ana kumsewu, mtsinje n'kutsala kuseri, ndipo ulin anasowa n'kukwera mtengo. Msika wa pamabwato wa ku Lok Baintan, komwe amayi amagulitsa zipatso ndi ndiwo zamasamba m'bandakucha, lero umadaliranso alendo odzaona malo. Madzi nawo sakuyenda monga akuluakulu ankawadziwira. Mu Januwale 2021 chigumula chachikulu chinamiza midzi ndi minda m'maboma ambiri a Kalimantan Selatan, ndipo oteteza chilengedwe analoza chala migodi ya malasha ndi minda ikuluikulu ya kanjedza wa mafuta, zomwe anati zawononga nkhalango za kumtunda kwa mitsinje.