Kusamuka pawekha mu mzinda wa Lilongwe

Kusamuka pawekha ndi kuchoka m'nyumba ina kukalowa m'nyumba ina popanda kulemba ntchito kampani yonyamula katundu. Mwini katundu ndiye amafunafuna nyumba, kulongedza, kupeza galimoto ndi anthu onyamula, komanso kutseka nkhani za lendi, madzi ndi magetsi kumene akuchokako. Mawu akuti "pawekha" satanthauza kuti munthuyo alibe womuthandiza. Abale, anzake ndi anyamata a ganyu amakhalapo, koma chinthu chikasweka kapena kusowa palibe wina woti alipire. Mu Lilongwe, likulu la dziko la Malawi, momwe kalembera wa 2018 adapezamo anthu 989,318, mabanja ambiri amasamuka motere. Makampani osamutsa anthu alipo, koma kawirikawiri amatumikira maofesi a akazembe, mabungwe akunja ndi makampani akuluakulu.

Mmene mzindawu udamangidwira

Zovuta zambiri za kusamuka mu Lilongwe zimachokera ku mamangidwe a mzindawu. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968 kuti limange likulu latsopano, ndipo mu 1975 Lilongwe adalowa m'malo mwa Zomba. Okonza mapulani sadamange likululi pamwamba pa tauni yakale. Old Town, komwe kuli msika waukulu, depoti ya mabasi ndi masitolo ambiri, idatsala kumwera m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, pamene City Centre ndi Capital Hill zidamangidwa kumpoto, ndipo pakati pake padasiyidwa nkhalango ndi malo opanda nyumba. Malo okhala anthu adagawidwa m'madera otchedwa ma Area. Ena, monga Area 3, 9, 10, 12 ndi 43, ali ndi mapuloti aakulu ndi nyumba zotalikirana. Ena, monga Kawale, Biwi, Chilinde ndi Area 25, ali ndi nyumba zothithikana.

Manambala a ma Area satsata kuyandikana kwa malo. Area 10 ndi yoyandikana ndi Area 43, koma ili kutali ndi Area 9, yomwe ili chakufupi ndi Old Town. Mlendo amene angamve zoti akuchoka ku 9 kupita ku 10 n'kuganiza kuti ndi pafupi, amadzadabwa pokambirana mtengo ndi mwini lole. Komanso nyumba zambiri zimadziwika ndi nambala ya puloti osati dzina la msewu, ndipo madera ena ali ndi magawo ake, monga ma Sector a ku Area 47 kapena 18A ndi 18B. Madalaivala ambiri salondola nambalazi. Amalondola tchalitchi, sukulu, malo omwetsera mafuta kapena mtundu wa geti, n'chifukwa chake wosamuka amakwera nawo kutsogolo kwa lole kapena kutumiza munthu wodziwa njira.

Nyumba ndi ndalama

Nyumba zalendi zimapezeka kudzera mwa anzako, m'magulu a pa WhatsApp ndi Facebook, m'makampani oyang'anira nyumba, kapena mwa ma ejenti oyendayenda omwe ena amawatchula kuti madobadoba. Ejenti wotere amalipiritsa kuti akaonetse nyumba, ndipo nyumbayo ikatengedwa amafunanso yake. Apa ndi pamene anthu ambiri amaberedwa: munthu amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba atangoona zithunzi, kenako foni ya "ejenti" uja sipezekanso. Njira yodzitetezera ndi yakale yomwe ija, kuiona nyumbayo ndi maso, kukumana ndi mwini wake weniweni, ndi kulandira lisiti pa ndalama iliyonse.

Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi ingapo pakamodzi, kawirikawiri itatu, ena n'kuwonjezapo dipoziti yodzakonzera zowonongeka. Kumene munthu akuchokako nakonso amayenera kupereka notisi molingana ndi mgwirizano, nthawi zambiri ya mwezi umodzi. Motero pamakhala masabata amene banja limalipira nyumba ziwiri, dipoziti ya nyumba yakale isanabwezedwe. Ndalama imeneyi nthawi zambiri imaposa ya lole ndi onyamula, komabe ndi imene anthu amaiwala powerengera. Mkangano wa dipoziti umachepa ngati wolowa m'nyumba adajambula zithunzi za makoma, mawindo, maloko ndi mipope tsiku loyamba, mwini nyumba ali pomwepo.

Magetsi mu mzindawu ndi a ESCOM ndipo madzi ndi a Lilongwe Water Board. Nyumba zambiri tsopano zili ndi mamita a magetsi ogulira mayunitsi, ndipo mayunitsi amene alowa kale m'mita amatsalira momwemo, sasamuka ndi munthu. Pamene madzi amalipiridwa pakutha pa mwezi, bilu imatsata nyumba, choncho wolowa kumene akhoza kudulidwa madzi chifukwa cha ngongole ya amene adachoka. Wosamuka wochenjera amapempha kuona bilu yomaliza asanapereke lendi, ndipo amalemba nambala zimene mita ikuwerenga potuluka ndi polowa.

Galimoto ndi onyamula

Malole ndi mapikapu a hayala amaima m'malo odziwika pafupi ndi misika, makamaka ku Old Town ndi m'misika ya m'madera. Mtengo wake sulembedwa paliponse, amachita kukambirana, ndipo umadalira kukula kwa galimoto, kutalika kwa ulendo, kuchuluka kwa maulendo ndi mtengo wa mafuta tsiku limenelo. Kugwa kwa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, pamodzi ndi kusowa kwa mafuta kumene kwakhala kukuchitika kuyambira 2022, kudachititsa kuti mtengo umene mnzako adalipira chaka chatha usakhale chitsanzo chodalirika.

Cholakwika chofala ndi kutenga galimoto yaing'ono pofuna kupulumutsa ndalama. Mu mzinda wotambalala ngati Lilongwe, maulendo atatu a pikapu amadya mafuta ndi nthawi yoposa ulendo umodzi wa lole ya matani atatu. Mtsutso wina umabuka pa geti la nyumba yatsopano, dalaivala akanena kuti mtengo uja unali wa ulendo umodzi wokha, kapena onyamula akanena kuti adagwirizana zokweza koma osati zotsitsa. Zonsezi zimayenera kumveka katundu asanakwere, ndipo ambiri amapereka gawo la ndalama poyamba, yotsalayo katundu womaliza akatsika. Onyamula amapatsidwanso chakudya chamasana kapena ndalama yake, ngakhale kuti palibe amene amazinena pokambirana.

Munthu amene alibiretu wachibale mu mzindawu amakumana ndi vuto lina: sangakhale ku nyumba ziwiri nthawi imodzi. Lole ikanyamuka, katundu wotsala amafuna womuyang'anira, ndipo wofika kale nayenso amafuna wake. Ku ma Area a mipanda mlonda amathandiza pamenepa. Kumene kulibe mpanda, woyandikana naye nyumba ndiye amapemphedwa.

Nyengo ndi nthawi

Mvula mu Lilongwe imagwa kuyambira cha mu November mpaka April. Nthawi imeneyi lole yopanda lona ndi yoopsa kwa matiresi, mabuku ndi mipando, ndipo misewu yafumbi ya m'madera atsopano, komwe anthu akumanga nyumba zawozawo, imaterera moti galimoto yodzaza imatitimira. M'chilimwe vuto ndi fumbi lokha. Popeza lendi imayendera mwezi, anthu ambiri amasamuka pakutha pa mwezi, nthawi yomwe malole amasowa ndi kukwera mtengo. Mabanja a ana asukulu amakonda tchuthi chachikulu cha mu August, chaka cha sukulu chisanayambe mu September. Pa tsikulo, kunyamuka m'mamawa Loweruka kumapewetsa mzere wa magalimoto pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town ndi pa msewu wa M1, ndiponso kumapereka mpata wolumikiza mabedi kunja kusanade, poti magetsi akhoza kuzima.

Kulongedza

Makatoni amapemphedwa kapena kugulidwa m'masitolo, ndipo zovala ndi zofunda zimalowa m'matumba ndi m'zitenje. Mbale zadothi ndi matambula amakulungidwa m'nyuzipepala zakale kapena m'zovala. Filiji imazimitsidwa dzulo lake, imayenda choimirira, ndipo ikafika imasiyidwa maola angapo isanayatsidwe kuti mafuta a m'makina ake akhazikike. Ziphaso, masatifiketi, mankhwala, ndalama ndi laputopu siziikidwa pa lole, mwini wake amazinyamula yekha. Matumba a chimanga ochokera kumudzi, omwe mabanja ambiri a m'tauni amasunga, ndi olemera kuposa mmene amaonekera, ndipo ndi bwino kuwatchula pokambirana ndi mwini galimoto.

Nyumba za ku ma Area a mapuloti aakulu zili ndi zake zapadera: dishi ya DStv, thanki ya madzi, mabatire ndi ma sola, jenereta, maluwa a m'miphika ndi agalu. Zina mwa izi zimafuna mmisiri wozimasula, ndipo zina zimayambitsa mkangano woti ndi za mwini nyumba kapena za wochita lendi. Kusamuka kumeneku kumakhudzanso anthu ena. Wantchito wa m'nyumba, wa m'munda kapena mlonda amene amakhala mu boyizikota kuseri amataya ntchito ndi pokhala tsiku limodzi ngati abwana ake sakumutenga, ndipo lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limafuna kuti apatsidwe notisi ndi malipiro ake onse.

Kutsanzikana ndi kulandiridwa

Kuchoka osatsanzika kumaonedwa ngati mwano, ndipo ena amakayikira kuti wochokayo akuthawa ngongole. Wosamuka amatsanzika oyandikana nawo, amabweza ngongole ya pa okala ndi ya ku banki m'khonde, ndipo amatenga kalata ku sukulu ya ana. Akhristu a mipingo monga CCAP amatenga kalata yosamukira ku mpingo wina, pamene Akatolika amakadzionetsa ku mphakati wa dera latsopano. M'madera othithikana mlendo amakaonekeranso kwa mfumu kapena mtsogoleri wa buloko, chifukwa maliro akagwa ndi iwowa amene amayendetsa zinthu. Ku ma Area a mipanda italiitali mwambowu ndi wochepa. Kumeneko munthu akhoza kutha miyezi asakudziwa dzina la wokhala kuseri kwa khoma, ndipo nthawi zambiri chizindikiro choti walandiridwa ndi kulowetsedwa m'gulu la WhatsApp la chitetezo cha m'deralo.