Za Mendulo za Nkhondo ndi Maina Olembedwapo

Ku Mangalande kuli anthu amene mwambo wao ndiwo kusonkhanitsa mendulo za asilikari akale. Amazigula kwa amalonda, nazisunga m'mabokosi, yonse ndi nsaru yace. Wina angayese kuti afuna siliva. Iai, siliva wa mendulo imodzi ngwocepa. Cimene afuna ndico dzina.

Nkhondo ya 1914 kufikira 1918 makolo athu anaicha ya Ciwaya, pakuti mfuti ija yolavula zipolopolo kosalekeza inathetheka monga cimanga pa ciwaya. Itatha nkhondoyo, boma la Mfumu George V linagawira asilikari ace mendulo. Inalipo nyenyezi yamkuwa, ya iwo amene analowa m'nkhondo cisanathe caka ca 1915. Inalipo yasiliva, British War Medal, yokhala ndi nkhope ya mfumu kutsogolo ndi munthu wokwera pa kavalo kumbuyo. Za mtundu uwu anasula zoposa 6,000,000. Yacitatu ndiyo Victory Medal, imene nsaru yace iri ndi maanga a utawaleza.

Tsono taonani cimene cicititsa mendulo izi kukhala mboni. Pa mkombero pace, kapena kumbuyo ngati iri nyenyezi, anadinda nambala ya msilikari, udindo wace, dzina lace ndi gulu lace. Zinasulidwa m'cikombole cimodzi, komatu palibe ziwiri zofanana. Za munthu wofera kunkhondo anazitumiza kwa abale ace, pamodzi ndi mbale yamkuwa yaikuru ngati cikhato, imene Angerezi anaicha kobiri la wakufa. Pa mbaleyo analemba dzina lokha, udindo ai, kuti kazembe ndi msilikari wamba alingane.

Wosonkhanitsa wanzeru akapeza mendulo atsata nambalayo monga mlenje atsata mapazi a nyama. Ayamba ku Kew, kumene boma lisunga zolembedwa za mendulo. Napita ku mabuku a bungwe losamala manda a nkhondo, limene linakhazikidwa mu 1917, kukafuna tsiku la imfa ndi malo a manda. Kawirikawiri mapazi atayika panjira, cifukwa mu September 1940 bomba la Ajeremani linagwa pa nyumba ya makalata ku London, ndipo zolembedwa za asilikari zoposa theka zinapsa. Motero alipo anthu amene mbiri yao yatsala pang'ono ndithu kupatula zilembo za pa mkomberozo. M'nkhondo ya 1939 kufikira 1945 boma linaleka mwambo wodinda maina pa mendulo za asilikari a ku Mangalande; ife tiyesa kuti kumeneko kunali kuumira kosayenera, pakuti mendulo yotere ikasiyana ndi makalata ace isanduka citsulo cabe.

Nkhani iyi si ya Azungu okha. Pa 9 September 1914 asilikari a King's African Rifles anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga, ndipo m'zaka zotsatira anapirikitsana ndi von Lettow-Vorbeck m'dziko la Tanganyika ndi la Apwitikizi. Iwonso analandira mendulo zodindidwa maina, ndipo zina ziri m'mabokosi a osonkhanitsa kutsidya la nyanja. Koma kutsata munthu wa kwathu nkobvuta koposa. Mlembi wa gulu analemba dzina monga linamveka m'khutu lace, ndipo mfunda sanaufunse. Cikhalireco pa mwambo wathu munthu adziwika ndi mfunda ndi mudzi wa amace, si nambala ai. Maina a asilikari ena akufa aoneka pa nsanja yacikumbutso ku Zomba.

Nanga amtengatenga? Melvin Page, amene anafunsa nkhalamba zambiri za nkhondoyo, awerenga kuti amuna a ku Nyasaland monga 200,000 anasenza akatundu a nkhondo. Anafa ndi kamwazi, malungo ndi njala, naikidwa m'mbali mwa njira. Mu 2021 bungwe la manda lija linabvomera poyera kuti anthu osacepera 116,000, makamaka a ku Afrika, sanakumbukidwe ndi maina ao, ndi kuti ciwerengeroco cingafike 350,000. Wosonkhanitsa akafuna mmodzi wa iwo alibe nambala yoyambirapo.