Maziko: kuzika ndi kuzula

Mawu akuti maziko amachokera ku mneni kuzika. Mchewa wa ku Cassacatiza, pamalire a Mozambique ndi Zambia moyang'anizana ndi Chanida, akamamanga nkhokwe amayamba wazika mafoloko pansi. Mbatata nayo timaizika paphulusa lamoto. Kuzika ndi kulowetsa chinthu m'kati mpaka chigwidwe mbali zonse, ndipo maziko ndi gawo la chomanga limene nthaka yaligwira. Ena amaganiza kuti kukhazikika ndi mbale wake wa mawuwa poti akumveka mofanana, koma ayi, iko kumachokera ku kukhala.

Kuzika kuli ndi mnzake wotsutsana naye, kuzula, monga mmene kutseka kulili ndi kutsegula. Kachidutswa ka -ul- kamabweza zimene zinachitika. Pa minda ikuluikulu ya magetsi a dzuwa, mainjiniya amaopa mneni wachiwiriyu, kuzula, kuposa china chilichonse.

Nyumba ya njerwa imalemera, ndiye mantha ake ndi kutitimira. Mapanelo a sola ndi opepuka koma otambalala. Mphepo yamkuntho ikalowa kunsi kwake imawakankhira m'mwamba. N'chifukwa chake ku minda yotere, monga wa 60 MW wa ku Nanjoka ku Salima umene unayamba ntchito mu 2021, kapena wa 40 MW wa ku Mocuba wa mu 2019, funso lalikulu ndi loti nthaka ingagwire zitsulo molimba bwanji. Akatswiri amakhoma zitsulo zoyesera m'malo osiyanasiyana a mundawo, kenaka amazikoka ndi jeke, kuzikankhiranso cham'mbali, uku akuyeza mamilimita amene chilichonse chasuntha. Zotsatira zake ndi zimene zimawauza kuya koyenera, kawirikawiri mamita 1.5 mpaka 2.5. Kwa ine, dzina loyenera la zitsulozi ndi zikhomo, kuchokera ku kukhoma, chifukwa zambiri sizikumbiridwa dzenje kapena kuthiridwa konkire.

Mayina athu a dothi amanena kale zambiri zimene labotale imakatsimikiza. Makande a kudambo amafufuma nthawi ya dzinja, chilimwe n'kung'aluka, choncho chikhomo chimene chinagwira mu Febuluwale chikhoza kugwedera mu Okutobala. Katondo amagwira bwino. Thanthwe, limene silisowa m'mapiri a m'boma la Chifunde ku Mozambique, limakana chitsulo mpaka chipindike, ndiye amayamba aboola kaye, ndipo mtengo wa ntchito umakwera pomwepo. Amayezanso mchere ndi asidi wa m'dothi, kuti adziwe kuchindikala kwa zinki yoteteza chitsulo ku dzimbiri kwa zaka 25 kapena kuposerapo.

Ku Manje m'boma la Chiúta, pa msewu wochokera ku Tete kupita ku Cassacatiza, ndi kumodzi kumene boma la Mozambique linasankha kudzamangako munda wa sola kudzera m'pulogalamu ya PROLER. M'mapepala a Chipwitikizi maziko ake adzalembedwa kuti fundação, kuchokera ku Chilatini fundus, kutanthauza pansi penipeni.