Baibulo: Nkhokwe ya Ziphunzitso Kapena Nkhani?

Akatswiri a zaumulungu akhala akusiyana maganizo pa kawerengedwe ka Baibulo. Ena amasanja ziphunzitso zake mutu ndi mutu: Mulungu, munthu, uchimo, chipulumutso, mpingo. Charles Hodge wa ku Princeton, amene mabuku ake atatu a Systematic Theology anatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870, ankaphunzitsa kuti wophunzira amatola mfundo m'Malemba n'kuzisanja monga amachitira wasayansi ndi zinthu zachilengedwe.

Hans Frei wa ku Yale anaona kuti njira imeneyi ikutaya chinthu chachikulu. M'buku lake la mu 1974, The Eclipse of Biblical Narrative, anaonetsa kuti kuyambira zaka za m'ma 1700 akatswiri a ku Ulaya analeka kumva nkhani ya m'Baibulo payokha, nayamba kufunafuna mbiri kapena chiphunzitso kuseri kwake. Kwa Frei, Yesu amadziwika ndi zimene anachita ndi kuzunzika nazo m'Mauthenga Abwino. Mfundo yakeyo ndi yamphamvu, pakuti Yesu mwini atafunsidwa kuti mnansi ndani, anayankha ndi fanizo la Msamariya.

Katswiri wina wa zaumulungu, Carl Henry, anatsutsa Frei. Nkhawa yake inali yakuti kutsamira pa nkhani kokha sikutsimikiza ngati kuuka kwa Yesu kunachitikadi m'mbiri, ndipo funso limeneli amalikanganirabe m'sukulu za abusa.